Rf ikamasinthasintha pa TLC: kupeza gwero la vuto ndi kulikonza

Aliyense amene wagwirako ntchito ya thin-layer chromatography (TLC), njira yolekanitsira mankhwala pa puleti yokutidwa ndi silika, kaya m'kalasi ku MUBAS ndi ku KUHeS kapena pa benchi yoyezera mankhwala ndi zakudya, vutoli amalidziwa. Lolemba dontho la paracetamol lapereka Rf ya 0.42. Lachinayi, sampulo yomweyo, solvent (chosungunulira chamadzimadzi chomwe chimakwera puleti) ya dzina lomwelo, manja omwewo, Rf yafika pa 0.55. Mukatsegula buku la njira mupezamo nambala yachitatu. Wophunzira amayamba kudzikayikira, woyeza mankhwala amayamba kukayikira mapiritsi, chonsecho nthawi zambiri chomwe chasintha ndi puleti, mpweya wa m'tanki yomwe puleti imaikidwamo, kapena solvent yomwe yagonera m'botolo.

Rf imapezeka pogawa mtunda womwe dontho layenda ndi mtunda womwe solvent yayenda, ndipo mitunda yonse iwiri imayezedwa kuchokera pa mzere womwe munadonthezapo sampulo. Ngati solvent yayenda masentimita 6.0 ndipo pakati pa dontho pali pa masentimita 2.4, Rf ndi 0.40. Siingapitirire 1. Mabuku ena amaichulukitsa ndi 100 n'kuilemba hRf, ndiye kwa iwo 0.40 ndi 40.

Nambalayi si chizindikiro chokhazikika cha mankhwala. Imachokera pa kulimbirana kwa zinthu ziwiri: silika wa pa puleti amafuna kugwira mankhwalawo, solvent imafuna kuwanyamula. Chofooketsa silika kapena cholimbitsa solvent chimakweza Rf, ndipo cholimbitsa silika kapena chofooketsa solvent chimaitsitsa. N'chifukwa chake Rf ya m'buku imangokulozerani dera loti muyang'ane. Chogamula ndi standard, sampulo ya mankhwala enieni odziwika kale, yodonthezedwa pa puleti yomweyo. Ngati puleti yomwe yakusokonezani ilibe standard, musavutike nayo. Yendetsani ina yokhala ndi standard pambali pa sampulo, kenako dzifunseni: kodi madontho onse asuntha, kuphatikizapo la standard, kapena lasuntha limodzi lokha? Akasuntha onse, fufuzani puleti, tanki ndi solvent. Likasuntha limodzi, fufuzani sampulo ndi kadonthezedwe kake.

Rula ndi pensulo

Izi n'zazing'ono koma zimagwetsa ambiri. Ena amayeza kuchokera m'munsi mwa puleti m'malo moyambira pa mzere wodonthezera. Ena amayeza nsonga ya dontho m'malo mwa pakati pake. Pomwe solvent yafika palembedwe mukangotulutsa puleti, poti hexane ndi dichloromethane amauma m'masekondi ochepa ndipo mzerewo umazimiririka. Musalole solvent kufika pamwamba penipeni. Ikafika, mzere wake umaima koma madontho amapitiriza kukwera, popeza solvent ikuuluka kumtundako n'kumakoka ina ya pansi, ndiye Rf zonse zimatuluka zazikulu kuposa zenizeni. Tulutsani puleti patatsala sentimita imodzi. Lembani ndi pensulo yofewa mosakanda silika. Inki ya bolopeni imayenda ndi solvent n'kubala madontho akeake.

Dziwaninso malire a rula yanu. Pa ulendo wa masentimita 5, kuphonya ndi milimita imodzi kumasintha Rf ndi 0.02. Kusiyana kwa 0.02 kapena 0.03 pakati pa mapuleti awiri si nkhani yotayirapo nthawi, ndipo kulemba Rf ya 0.4167 n'kudzinamiza. Lembani 0.42.

Madontho onse akwera: yambani ndi chinyezi

Kuno ku Blantyre choyamba kuchiganizira ndi madzi a mumpweya. Mapuleti omwe ambiri timagwiritsa ntchito ndi a silika gel 60 F254, okhala ndi silika wokhuthala pafupifupi mamilimita 0.2 pa aluminiyamu kapena 0.25 pa galasi. Pamwamba pa silikayo pali timagulu ta silanol, Si–OH, ndipo ndi timeneti timagwira mankhwala a polar, aja okonda madzi. Madzi amakakamira pa timaguluti mwamphamvu kuposa mankhwala ambiri omwe mungadontheze. Madziwo akatenga malo, mankhwala anu amasowa pogwira n'kuthamanga ndi solvent. Silika amayamwa chinyezi monga umachitira mchere wa kukhitchini m'dzinja, kungoti iye saoneka kunyowa, ndipo zimamutengera mphindi zochepa chabe.

Tsono onani nyengo yathu. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mpweya umakhala wodzaza chinyezi. Mu Juni ndi Julayi timaganiza kuti kunja kwauma, koma chiperoni chikabwera ndi nkhungu yake ndi mvula yowaza ija, chinyezi chimakwera mwadzidzidzi kwa masiku angapo. Mu Seputembala ndi Okutobala kumauma gwa. Mapuleti a m'bokosi limodzi akhoza kupereka Rf yotsika mu Okutobala, yokwera mu Januwale. Vutoli limakula pa solvent zofooka monga hexane, toluene ndi dichloromethane. Pa solvent yokhala ndi methanol wambiri kapena madzi kusinthako n'kochepa, poti solventyo payokha imakhala yaphimba kale timagulu ta silanol.

Njira yodziwika ndi kuumitsa puleti mu uvuni pa madigiri 110 kwa mphindi 30, n'kuiziziritsa mu desiccator, chiwiya chotseka chosungira zinthu pouma. Magetsi akazima pakati, yambiraninso kuwerenga nthawi akayaka, uvuni utafikanso pa 110. Yang'ananinso timikanda ta silika ta mu desiccator: tabuluu tikasanduka tapinki ndiye kuti tadzaza madzi, ndipo desiccator yotero ikungosunga chinyezi. Tiumitseni mu uvuni mpaka mtundu ubwerere. Ngati mulibe desiccator, kontena ya pulasitiki yotseka bwino yokhala ndi timikandati imagwira ntchito.

Koma uvuni wokha suthetsa vutoli. Puleti yotuluka mu desiccator ikakhala pa benchi mphindi 10 mukudontheza sampulo, imakhala yayamwanso gawo lalikulu la madzi omwe munachotsa. Wofulumira manja ndi wochedwa adzapeza Rf zosiyana pa mapuleti omwe anaumitsidwa limodzi. Choncho musalimbane n'kufuna puleti youma kotheratu. Funani puleti ya chinyezi chofanana tsiku lililonse. Konzeranitu sampulo zonse ndi makapilari, timachubu todonthezera, musanatulutse puleti. Phimbani mbali ya kumtunda ndi galasi loyera pamene mukudontheza. Musaumitse madontho pouzira ndi pakamwa, mpweya wa m'kamwa ndi nthunzi yokhayokha.

Pa ntchito yofunika kuti Rf ifanane mwezi ndi mwezi pali njira yabwino koposa. Sungunulani magnesium chloride m'madzi mpaka wina atsale pansi osasungunuka, thirani m'kambale, ikani m'kontena yotseka. Mpweya wa m'menemo umakhazikika pa chinyezi cha pafupifupi 33 peresenti. Puleti yomwe mwadontheza kale ikhale m'menemo, osakhudza madziwo, kwa theka la ola kapena kuposa, kenako ilowe m'tanki mosachedwa. Sodium chloride wochitidwa chimodzimodzi amapereka pafupifupi 75 peresenti, chomwe n'chinyezi chochuluka pa solvent za hexane. Ka hygrometer kotchipa, koyezera chinyezi, kakhale pa benchi, nambala yake izilembedwa pambali pa Rf iliyonse. Pakatha miyezi ingapo buku la labu limayamba kudzifotokoza lokha.

Tanki

Tanki yosadzaza nthunzi nayonso imakweza Rf. Solvent ikamakwera puleti mumpweya wouma, ina imauluka pa puletipo, makamaka kumtunda. Kuti mzere ufike pomwe mukufuna, pamadutsa solvent yochuluka kuposa yomwe mzerewo ukusonyeza, ndipo yonseyo imakankha madontho. Mudzadziwa poona kuti puleti ikuchedwa kutha, Rf zakwera, ndipo madontho a m'mbali apitirira apakati.

Yalani pepala losefera m'kati mwa tanki mbali zitatu, lifike pansi kuti liziyamwa solvent. Pendeketsani tanki kuti pepala lonse linyowe, tsekani, dikirani mphindi 20 pa tanki yaing'ono, 30 pa yaikulu ya mapuleti a masentimita 20 × 20. Solvent ikhale yakuya theka la sentimita, mzere wodonthezera ukhale sentimita 1 kapena 1.5 kuchokera pansi. Solvent ikamiza madontho, sampulo imasungunukira m'tanki n'kudetsa puleti iliyonse yotsatira. Polowetsa puleti tsegulani mwachangu, ndipo musatsegulenso kuti musuzumire. Beaker yovundikira ndi galasi imatulutsa nthunzi pa kamlomo kake; botolo la jamu lotsukidwa bwino, mutayala foyilo ya aluminiyamu m'kati mwa chivindikiro chake, limaiposa kutali. Tanki isakhale pawindo pomwe dzuwa likuwomba mbali imodzi, kapena pafupi ndi uvuni.

Werenganinso bwino buku la njira. Njira zina zinalembedwa dala kuti tanki ikhale yopanda pepala. Mukaikamo pepala poganiza kuti mukuchita bwino, Rf zanu zidzatsika poyerekeza ndi za m'bukumo.

Dzina lomwelo, solvent ina

Diethyl ether amawira pa madigiri 35, dichloromethane pa 40, acetone pa 56, ethyl acetate pa 77, toluene pa 111. Manambalawa ndi a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndiye kuno zonsezi zimawira pa madigiri otsikirako pang'ono, komanso masana a Okutobala chipinda chopanda makina oziziritsa chimatha kupitirira madigiri 30. Solvent yosakaniza yokhala ndi ether kapena petroleum ether imasintha m'maola ochepa. Komwe Rf ilowere kumadalira chomwe chathawa. Mu petroleum ether ndi ethyl acetate, wothawa msanga ndi wofookayo. Zotsala zimakula mphamvu, Rf imakwera. Mu toluene ndi ethyl acetate, kapena mu hexane ndi ether, wothawa ndi wamphamvuyo, Rf imatsika.

Puleti iliyonse imayamwanso gawo la polar mochuluka kuposa linzake. Tanki imodzi ikayendetsa mapuleti asanu, yachisanuyo imapeza solvent yofooka. Sakanizani yatsopano tsiku lililonse, mamililita 10 okha pa tanki yaing'ono, ndipo muisinthe pakatha mapuleti awiri. Kuumira solvent kumawonongetsa mapuleti, omwe mtengo wake ndi woposa wa solventyo.

Pa dichloromethane ndi methanol 95:5, methanol wa mamililita 0.5 ayezedwe ndi pipeti, osati silinda. Madontho ochepa owonjezera amasandutsa 5 peresenti kukhala 7, ndipo pa silika methanol ndi wamphamvu moti kusiyana kumeneku kumaonekera pa rula. Yezani chilichonse pachokha kenako musakanize. Osathira chimodzi pamwamba pa chinzake m'silinda kufikira pa mzere.

Ngati Rf zasintha sabata yomwe botolo lakale linatha, werengani zolembedwa pa latsopanolo. Chloroform amagulitsidwa ataikamo chomuteteza kuti asawonongeke: wina ali ndi ethanol wa pakati pa 0.5 ndi 1 peresenti, wina ali ndi amylene. Ethanol wochepayo ndi wokwanira kukweza Rf moonekeratu. Acetone, methanol ndi ethyl acetate amayamwa madzi botolo likamasiyidwa lotsegula, ndipo ethyl acetate wokhalitsa wonyowa amasweka pang'onopang'ono kukhala acetic acid ndi ethanol. Sipiriti wa m'sitolo si ethanol wa mu labu. Muli madzi, utoto ndi zina zomuipitsa kuti asamwedwe.

Dontho latsala pansi kapena lathawira kumtunda

Rf yochepera 0.1 kapena yopitirira 0.9 siinena kanthu. Mankhwala atatu osiyana akhoza kuunjikana pamenepo n'kuoneka ngati amodzi. Malo ogwirira ntchito ndi pakati pa 0.2 ndi 0.8, ndipo madontho amapatukana bwino kwambiri chakufupi ndi 0.3. Pa silika mphamvu ya solvent imakwera motere: hexane, toluene, dichloromethane, ethyl acetate, acetone, methanol. Pa sampulo yosadziwika yambani ndi hexane ndi ethyl acetate 4:1. Dontho likatsala pansi pitani pa 1:1, kenako ethyl acetate yekha, kenako dichloromethane ndi methanol 9:1. Ma amino acid ndi mitundu ya shuga amafuna zamphamvu monga n-butanol, acetic acid ndi madzi 4:1:1, ndipo puleti yake imatenga nthawi yaitali. Ngati TLC yanu ndi yokonzekerera column, chubu chodzaza silika cholekanitsira mankhwala ochuluka, funani Rf ya 0.25 mpaka 0.35. Mankhwala amatuluka pakadutsa solvent yodzaza column-yo pafupifupi ka 1/Rf, ndiye kanayi pa Rf ya 0.25.

Madontho awiri akamamatirana, kuwonjeza kapena kuchepetsa mphamvu sikuthandiza kwenikweni. Amangokwera kapena kutsika limodzi. Sinthani mtundu wa solvent: toluene m'malo mwa hexane, acetone m'malo mwa ethyl acetate. Apo ayi yendetsani puleti kawiri mu solvent yofooka, mukuiumitsa pakati. Dontho la 0.20 lidzafika pafupifupi pa 0.36 ulendo wachiwiri, choncho lembani m'buku kuti munayendetsa kawiri, kuopa kuti wina angadzayerekeze nambalayo ndi ya ulendo umodzi.

Mapuleti a RP-18, omwe silika wake anakutidwa ndi zokana madzi, amachita mosemphana. Kumeneko mankhwala a polar ndi omwe amakwera kwambiri, madzi amatsitsa Rf, methanol amaikweza. M'maso amafanana ndi a silika wamba, ndipo akadulidwa n'kusungidwa m'kabati imodzi opanda chizindikiro amasokoneza labu yonse. Kadontho ka madzi kamalowa msanga mu silika wamba, pomwe pa mapuleti ambiri a RP-18 kamangokhala pamwamba osalowa.

Michira

Dontho lokhala ndi mchira lilibe Rf yodalirika, chifukwa pakati pake sipadziwika. Choyamba kuyesa ndi kuchepetsa sampulo. Silika ali ndi malo owerengeka ogwirira. Akadzaza, zotsalazo zimathamangira patsogolo, Rf imakwera ndipo kumbuyo kumatsala mchira. Sampulo ikhale ya mamiligalamu 1 mpaka 5 pa mililita, mudontheze ma microlita 1 kapena 2, dontho lisapitirire mamilimita 2 m'lifupi. Ngati mukukayika, donthezani sampuloyo, ndipo pambali pake donthezani yomweyo mutaisungunula ka 10. Mchira ukasowa pa yosungunulayo, vuto linali kuchuluka. Sampulo ikakhala yofooka donthezani kangapo pamalo amodzi, mukudikira kuti paume nthawi iliyonse. Kapilari izingokhudza silika. Ikaboola, dontho limatuluka lopindika.

Mchira ukakana kuchoka, ganizirani za asidi ndi base. Aspirin, ibuprofen ndi benzoic acid akakhala pa puleti, gawo lina limakhala ndi chaji, lina lopanda, ndipo awiriwa sayenda liwiro limodzi. Thirani acetic acid wa 0.5 mpaka 1 peresenti mu solvent. Quinine, amodiaquine ndi ma alkaloid a m'zitsamba amakakamira pa silanol, yemwe ndi asidi pang'ono; amafuna triethylamine wa muyezo womwewo kapena madontho angapo a ammonia wa 25 peresenti. Ammonia ndi wosakhulupirika. Botolo likangotsegulidwa amathawako, ndipo la chaka chatha lomwe lakhala pofunda silifikanso pa 25. Njira yomwe inkayenda bwino ikayamba kupereka michira ndi Rf yotsika pa mankhwala a base okha, ena onse ali bwinobwino, sinthani ammonia musanakhudze china chilichonse. Musungeni pozizira, m'botolo laling'ono lotseka zolimba.

Solvent yosungunulira sampulo nayonso ili ndi mbali yake. DMSO amawira pa madigiri 189, DMF pa 153. Sauma pa benchi, amakwera ndi puleti n'kukoka mankhwala mumzere wautali. Madzi osaumitsidwa amachita chimodzimodzi. Methanol amauma bwino koma amamwaza sampulo pomwe mwadontheza n'kusiya mphete yopanda kanthu pakati. Donthezani pang'onopang'ono, kapena gwiritsani ntchito acetone ngati sampulo ikusungunuka. Dontho la methanol lolowa m'tanki lisanaume limakweza Rf ya mzere wake wokha, ndipo ichi chimachititsa kawirikawiri kuti sampulo ndi standard zisiyane pa puleti imodzi. Umitsani ndi mphepo yozizira ya draya ya tsitsi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Mankhwala ena amasweka pa silika. Kuti mutsimikize, dulani puleti ya mbali zinayi zofanana, donthezani pangodya, yendetsani, umitsani, tembenuzani puleti kuti mzere wa madontho ugone pansi, yendetsaninso mu solvent yomweyo. Chilichonse chosasweka chimagwera pa mzere wolumikiza ngodya ndi ngodya. Dontho lopatuka pa mzerewo labadwira pa puletipo. Zikatero yesani puleti ya alumina m'malo mwa ya silika, kapena yendetsani kaye puleti yopanda kanthu mu solvent ya triethylamine n'kuiumitsa. Komabe si dontho lililonse lowonjezera lomwe ndi labodza. Aspirin wosungidwa pachinyezi amasweka kukhala salicylic acid ndi acetic acid. Mapiritsi amanunkha viniga, ndipo dontho latsopanolo limawala buluu pa nyali ya UV. Pamenepo puleti ikunena zoona.

Mzere wa solvent wopindika

Kawirikawiri ndi kadulidwe. Sizasi ikatukula silika m'mphepete, pamatsala kampata pakati pa silika ndi aluminiyamu, solvent imathamangira m'menemo, mzere n'kukwera m'mbali. Dulani ndi sizasi yakuthwa, pukutani silika wotekeseka m'mphepete, ndipo chotsani tingodya tiwiri ta pansi. Madontho atalikirane ndi mphepete sentimita imodzi. Benchi ikhale yosapendekeka, puleti ilowe mowongoka, mbali zake zisakhudze pepala losefera. Gwirani puleti m'mbali kapena ndi chopanira, poti zala zimasiya zizindikiro zomwe zimatuluka pa iodine ndi pa ninhydrin. Nthawi zina mumaona mzere wachiwiri m'munsi mwa woyamba, makamaka mukasakaniza solvent zosiyana mphamvu kwambiri: gawo la polar latsalira m'mbuyo. Madontho ounjikana pa mzere umenewo sanapatukane. Dzazitsani tanki nthunzi mokwanira, kapena sankhani solvent zoyandikana mphamvu.

Sampulo ndi standard zikasiyana pa puleti imodzi

Donthezani malo atatu: standard kumanzere, sampulo kumanja, pakati zonse ziwiri pamodzi. Pakatipo pakatuluka dontho limodzi lozungulira bwino, kusiyana komwe munaona kunachokera ku zinthu zina za m'sampulo monga mafuta, mchere kapena zomangira piritsi. Likatuluka lalitali kapena logawika pawiri, ndi mankhwala awiri osiyana. Dontho limodzi si umboni wokwanira kuti mankhwalawo ndi amodzi. Bwerezani mu solvent ya mtundu wina. Pofuna kuyerekeza mapuleti a masiku osiyana, gawani mtunda wa sampulo ndi mtunda wa standard. Nambala imeneyo siigwedezeka kwambiri ndi nyengo ngati mmene imachitira Rf.

Oyeza mankhwala ndi GPHF-Minilab, kalabu konyamulika, amadontheza standard ziwiri, ya 100 peresenti ndi ya 80, n'kuyerekeza malo, kukula ndi mphamvu ya dontho la sampulo ndi ziwirizo. Piritsi liperedwe lonse, ligwedezedwe mu solvent kwa nthawi yonse yomwe buku lanena, ndipo zotsalira zikhazikike pansi musanatenge za pamwamba. Kufupikitsa nthawiyi kumapereka dontho lofooka pa mankhwala abwinobwino. Pa LA, mankhwala a malungo a lumefantrine ndi artemether, lumefantrine amaoneka ngati dontho lakuda pa nyali ya UV ya 254 nm, koma artemether saoneka. Amafuna sulfuric acid wa mu methanol ndi kutenthetsa. Hot plate ikakhala yosatentha mokwanira dontho silituluka, ndipo munthu akhoza kugamula molakwa kuti artemether mulibe. Standard ya pambali ndiyo ikuuzeni: nayonso ikasowa, vuto lili pa kutentha kapena pa asidiyo. Sampulo yomwe yalephera mutabwereza itumizidwe kokayezedwa ndi HPLC, makina oyeza molondola kuposa TLC, ndipo a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority adziwitsidwe. TLC ndi kuyeza koyambirira chabe.

Pa aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku cha mu mtedza ndi chimanga, nyali yake ndi ya 365 nm. B1 ndi B2 amawala buluu, G1 ndi G2 amawala mobiriwira, ndipo pa silika amatsatana B1 pamwamba, kenako B2, G1 ndi G2, motalikirana pang'ono kwambiri moti chinyezi chikakwera amatha kumatirana. Mafuta a mtedza achotsedwe kaye ndi hexane, apo ayi amakoka madontho n'kuwasuntha. Mu chimanga muli zinthu zina zowala buluu pafupi ndi B1, choncho tsimikizani pothira trifluoroacetic acid pa dontho musanayendetse puleti: B1 weniweni amasanduka B2a, yemwe Rf yake ndi yotsika kwambiri. Aflatoxin amawonongeka ndi kuwala, ndiye tanki iphimbidwe ndipo standard isungidwe mumdima mufiriji. Ndi poizoni woyambitsa khansa ya chiwindi. Valani magolovesi, ndipo mapuleti ndi ziwiya zagalasi zinyikidwe mu bulichi zisanatayidwe kapena kutsukidwa.

Dontho silikuoneka

Umitsani puleti mokwanira musanayatse UV. Toluene ndi acetone amayamwa kuwala kwa 254 nm n'kudetsa puleti yonse; triethylamine wotsalira amachita zomwezo pa iodine, ammonia pa ninhydrin. Onani ngati bokosi lalembedwa F254, poti puleti yopanda chowalitsa chobiriwiracho siisonyeza madontho akuda. Mankhwala osayamwa UV amafuna iodine, potassium permanganate, anisaldehyde kapena ninhydrin malinga ndi mtundu wake. Pakapanda kuonekabe kanthu, mwina sampulo inali yochepa, kapena ndi youluka ndipo inathawa pa draya yotentha. Madontho a iodine amazimiririka m'mphindi zochepa. Azungulizeni ndi pensulo pomwepo, mujambule chithunzi rula ili pambali. Nyali ya 254 nm musaiyang'ane mwachindunji, imapsereza maso.

Kusaka gwero madontho onse akasuntha

Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Yambani ndi solvent yatsopano m'tanki yodzaza nthunzi, puleti ikhale ya m'bokosi lomwelo. Rf ikabwerera m'malo, vuto linali solvent kapena tanki. Ikapanda kubwerera, dulani puleti imodzi pawiri, donthezani standard pa zidutswa zonse ziwiri ngati mankhwalawo sawonongeka ndi kutentha, chimodzi chiumitseni mu uvuni, chinacho chisiyeni pa benchi kwa ola limodzi, kenako ziyendetseni m'tanki imodzi nthawi imodzi. Kusiyana kwa Rf pakati pa zidutswa ziwirizo ndiko kukula kwa vuto la chinyezi mu labu yanu tsiku limenelo. Zikatuluka zofanana, chinyezi chilibe mlandu, ndipo chotsala kuyang'ana ndi nambala ya pabokosi la mapuleti ndi zolembedwa pa mabotolo omwe atsegulidwa posachedwa.